Kukagula kaunjika ku Lilongwe ndi mwana kuchokera ku Angónia: mmene mungayendere osabwezedwa pachipata

Sukulu zikatsala pang'ono kutsegulidwa, pa Calómuè, chipata cha malire athu a Mozambique ndi Malawi cha ku Dedza, sipalephera kupezeka kholo litaima ndi mwana, ndalama zili m'thumba, koma a Migração, oona za kulowa ndi kutuluka m'dziko, akupukusa mutu. Ena amadutsa bwinobwino n'kukafika ku Lilongwe, koma pobwerera mwana akulira ndi njala, nsapato imene amugulira ikumuluma chala, ndipo ndalama zambiri zathera m'njira. Zonse ziwirizi zinandichitikirapo ine ndi mtsikana wanga wa zaka 9, n'chifukwa chake ndikulemba.

Kalamidade, monga timatchulira kaunjika kwathu, tili naye konkuno ku Ulongué, ndipo pa Lizulu amakhala mbwee. Ngati mukufuna malaya awiri okha, musavutike. Ulendo wa ku Lilongwe umapindula mukafuna nsapato zolimba, jekete ya m'chisanu cha Juni, chikwama cha kusukulu, komanso kuti mwanayo akaoneko mzinda. Mwana ndiye muyeso wa zimene mukukagula, ndipo ndi yemweyo amene amayamba kutopa, choncho tsiku lonse mulikonze motsata mphamvu zake. A ku Moatize ndi ku Zóbuè, njira yanu yachidule ndi ya pa Mwanza kupita ku Blantyre ndi Limbe, koma zambiri zili pansipa n'zofanana.

Zoti mukhale nazo musananyamuke

- Pasipoti yanu ndi ya mwana, aliyense yakeyake, zosatha masiku
- Cédula (kabuku ka kubadwa) ya mwana kapena certidão (setifiketi) yosonyeza kuti makolo ake ndani
- Kalata ya chilolezo ya kholo lotsala kunyumba, yodindidwa kwa notário (wotsimikizira masiginecha mwalamulo), ndi fotokope ya BI (chiphaso cha unzika) yake
- Ndalama zogawidwa patatu
- Chikwama chachikulu cha zipi ndi chitenje
- Katoni yojambulapo phazi la mwana, chingwe, ndi masokosi amene amavala kusukulu
- Madzi a m'botolo ndi kamba wa m'njira: mbatatesi yophika, mtedza, nthochi
- Juzi ya mwana ndi ambulera ngati ili nyengo ya mvula
- Kapepala ndi cholembera

1. Yambani ndi mapepala, mwezi wathunthu ulendo usanafike

Nzika ya Mozambique sifunika viza pokacheza masiku ochepa ku Malawi. Chimene chimagwetsa anthu ndi mapepala a mwana. Tinazolowera kuwoloka msewu pa Lizulu kukagula tomato popanda wotifunsa, ndiye timaiwala kuti Lilongwe ili kutali ndi malire, ndipo pa msewu wa M1 pali marodibuloko apolisi. Kulankhula Chichewa chosalala sikulowa m'malo mwa chidindo.

Pasipoti imachokera ku SENAMI, ofesi ya a Migração, ndipo situluka tsiku lomwelo. Ngati mwana alibe, yambani zimenezi kaye, za tsiku la ulendo muganize pambuyo.

Mwana wosakwana zaka 18 akamatuluka m'dziko ndi kholo limodzi, afunika kalata ya kholo linalo yovomereza. Ilembedwe dzina la mwana monga lilili mu pasipoti, dzina lanu, kumene mukupita ndi masiku ake, kenako siginecha ikatsimikizidwe kwa notário. Ngati kholo linalo linamwalira, tengani certidão ya imfa. Ngati ndinu azakhali, amalume kapena agogo, kalata ichokere kwa makolo onse awiri.

Chenjezo: ine ndinabwezedwa ndili ndi kalata m'manja. Bambo ake anailemba bwinobwino papepala la m'kope, n'kusaina, koma inalibe chidindo. Ndinayesa kuchonderera kuti "Bwana, mwanayu ndi wanga, taonani nkhope." Anandiyankha mwaulemu kuti nkhope siidindidwa. Tinabwerera pa shapa (minibasi ya kwathu) yomwe tinabwera nayo, mwana atavala diresi lake la ku tchalitchi, osalankhula njira yonse.

2. Sankhani tsiku

Sukulu za ku Malawi zimayamba chaka mu Seputembala, zathu zimayamba cha mu Febuluwale. Kusiyanaku kumatikomera. Kumapeto kwa Ogasiti makolo a ku Lilongwe amalimbirana nsapato zakuda ndi zikwama, mu Disembala aliyense akufuna chovala cha Khirisimasi. Kwa ine nthawi yabwino ndi pakati pa Januwale: anthu matumba auma, ogulitsa akhala tsiku lonse akuingitsa ntchentche, ndipo amamva mukamanenerera. Vuto lake ndi mvula ndi matope basi.

Pitani pakati pa sabata. Loweruka msika umadzaza moti mwana amangoona misana ya anthu, ndipo Lamulungu mabenchi ambiri amakhala osatsegula.

Ganiziraninso zogona. Kupita ndi kubwerera tsiku limodzi n'kotheka, koma ndi mwana wosakwana zaka 10 kumakhala kuthamangitsana ndi dzuwa. Ngati muli ndi m'bale ku Kawale, ku Biwi kapena ku Area 23, muimbireni foni kudakali masiku, ndipo musapite chimanjamanja, kathumba ka mbatatesi kapena nyemba za kwathu kuno kamatsegula chitseko. Mukafuna resitihausi, pewani yokhala ndi bala pakhomo.

3. Konzani ndalama

Kumsika wa Lilongwe metikali sayenda, ndi kwacha basi. M-Pesa ndi e-Mola musazidalire kumeneko, kwawo ndi Airtel Money ndi Mpamba. Ndipo musawerengere mitengo imene mnzanu anakuuzani chaka chatha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo kuyambira pamenepo mitengo sikhazikika. Funsani munthu amene wapitako mwezi uno, pa ndalama ya minibasi ndi pa mtengo wosinthira.

Njira yopanda chiopsezo ndi kusintha ku banki kapena ku ofesi yovomerezeka n'kusunga lisiti. Ndikudziwa kuti ambiri amasintha kwa anyamata a pachipata. Kumeneko lamulo silikutetezani mukaberedwa, ndiye mukasankha njira imeneyo gwirizanani mtengo kaye, werengerani pafoni yanu, landirani makwacha muwerenge nokha limodzilimodzi, kenako mupereke mametikali. Akatenganso mpukutuwo kuti "ndiwerengenso", yambiraninso kuwerenga akakubwezerani. Pepala lalikulu la kwacha ndi K5,000, choncho mpukutu umakhala wonenepa ndipo kusowa kwa mapepala atatu sikuoneka ndi maso. Pemphaninso timapepala ta K500 ndi K1,000 tolipirira zimbudzi, madzi ndi kabaza.

Gawani patatu. Za ulendo wobwerera, kuphatikizapo mametikali a shapa yochokera pa Calómuè, zikhale m'kathumba ka mkati ndipo muziiwale. Zogulira katundu zikhale pena. Zodyera ndi zosangalatsira mwana pena. Mafuta akasowa ku Malawi, monga zakhala zikuchitikira zaka zapitazi, minibasi imakwera mtengo tsiku lomwelo, ndiye pa za ulendo ikanipo zapamwamba.

4. Muyezeni mwana kunyumba

Usiku woti mawa ulendo, muimikeni pakatoni atavala masokosi, mujambule phazi lalikululo, chifukwa mapazi awiri salingana ndendende. Onjezerani mpata wa chala chanu chachikulu kutsogolo, n'kudula. Tengani chingwe mumange mfundo zitatu: ya m'chiuno, ya kutalika kwa mwendo, ya mkono kuchoka paphewa.

Mufunsa kuti katoni ya chiyani pamene mwana mukupita naye? Ikafika 11 koloko adzakana kuvulanso nsapato, ndipo pali azing'ono ake otsala kunyumba amene muyenera kuwayeza chimodzimodzi. Komanso manambala a pa kaunjika ndi osokoneza. Ife tinazolowera 32, 33, 34. Mu mulu umodzi mupeza za ku Britain zolembedwa 1 kapena 2, za ku America zolembedwa zinanso. Katoni siinama.

Lembani mndandanda ndi mwanayo, zofunika kwambiri pamwamba, ndipo mumulole kuikapo chinthu chimodzi cha kumtima kwake. Wanga anasankha chikwama chofiira. Chinthu chimodzicho ndi chimene chimamuyendetsa pamene miyendo yayamba kulemera.

5. Kunyamuka ndi kudutsa pachipata

Kwerani shapa yoyamba ya ku Calómuè. Dedza ndi kozizira m'mawa ngakhale m'dzinja, mwana avale juzi. Mbali yathu mudinditse zotuluka, mbali ya Malawi zolowa, ndipo pa zenera lililonse tsegulani mapasipoti onse awiri muone ndi maso anu kuti chidindo chilipo ndi tsiku lolondola. Pamzere wautali zimachitika kuti adinda yanu n'kubweza ya mwana yosadinda, vuto n'kudzaonekera pobwerera. Onaninso masiku amene akupatsani, ndipo funsani pomwepo kuti chipata atseka nthawi yanji madzulo.

Wina akakuyandikirani kuti akuthandizeni kudinditsa msanga, pasipoti isachoke m'manja mwanu.

Kuchoka ku Dedza kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85 pa M1, kudzera pa Linthipe ndi Nathenje. Kwerani minibasi imene yatsala pang'ono kudzaza, musakopeke ndi yopanda anthu chifukwa cha mpando wa kutsogolo. Mwana wamkulu mulipirireni mpando wake. Kumunyamula pamwendo ulendo wonse kumapulumutsa ndalama pang'ono, koma mukafika nonse muli otheratu.

6. Mukatsika ku depoti, panganani kaye

Minibasi ikutsitsani ku Old Town, ku Area 2, kumene kuli depoti ndi msika waukulu. Musanaponde phazi mumsika, imani pambali muchite zinthu zitatu.

Choyamba, chimbudzi. Zilipo zolipira, ndipo mwana apite ngakhale akukana.

Chachiwiri, kapepala m'thumba mwake kolembedwa dzina lanu ndi nambala ya foni imene ikugwira ku Malawi. Apa pali chinthu chimene ambiri sitichiganizira. Ana athu amalankhula Chichewa, koma manambala amawatchula m'Chipwitikizi. Mwana wanga nambala yanga amaidziwa pamtima, koma amati "oito, quatro, cinco", ndipo mayi wogulitsa mandasi ku Lilongwe sangatolepo kanthu. Lembani manambala papepala. Ngati muli ndi simu ya Airtel kapena TNM, monga ambiri a m'malire, ikhale ndi mayunitsi. Ngati ndi nambala ya kwathu, yambani ndi +258 ndipo muyese kaye ngati ikulira muli kumeneko.

Chachitatu, lamulo limodzi lokha: "Ukandisowa, ima pomwepo. Usandifunefune. Uza amayi ogulitsa amene ali pafupi, uwapatse kapepalaka." Mumuuze abwereze. Malamulo asanu sawakumbukira.

Chikwama chanu chikhale kutsogolo, mwana kudzanja limene lili kutali ndi msewu. Njinga zamoto za kabaza zimatulukira paliponse.

7. Zungulirani kaye, ndipo yambani ndi nsapato

Kaunjika wochuluka ali ku msika wa Tsoka, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe pafupi ndi mlatho, komanso m'mabenchi ozungulira msika waukulu. Pa mtsinjepo pali timilatho tamatabwa tolipira kandalama. Ana amatikonda, koma madzi akakhala odzaza zungulirani pa mlatho waukulu.

Mphindi 20 zoyamba musagule kanthu. Funsani mtengo wa chinthu chimodzimodzi pa mabenchi atatu, mumve mmene msika ulili tsiku limenelo. Mukamva kuti pena akumasula belo, dziwani kuti zabwino zimatuluka pamenepo, koma pamakhala kukankhana ndi ogula opikula ndipo mtengo wa zoyamba kusankhidwa ndi wokwera. Ndi mwana wamng'ono musalowemo. Imani pambali, mpikisano ukazizira mufike.

Nsapato ziyambe chifukwa ndi zimene zimafuna mwana ali ndi mtima wabwino. Lowetsani katoni kaye, ikakwana ndiye avale zonse ziwiri, ndi masokosi, aimirire, ayende masitepe khumi. Dinani kutsogolo mumve pamene chala chathera. Musamufunse kuti "Yakukwana?" chifukwa akaikonda adzavomera ngakhale ikumupweteka. Yang'anani mmene akupondera.

Kenako itengeni m'manja mwanu. Pindani soli muone ngati pakutseguka ming'alu. Kandani ndi chikhadabo m'mbali mmene soli yakumana ndi chikopa: guluu watsopano amaoneka wonyezimira ndipo amanunkha. Polishi wakuda wochuluka amabisa zambiri, pakanipo chala. Pisani dzanja mpaka kuchidendene, chifukwa nsapato ya mwana imayamba kutha mkati. Pomaliza gundanitsani masoli awiriwo. Mu mulu mumapezeka nsapato zofanana mtundu koma zosiyana kukula, ndipo ine ndinafika nazo mpaka ku Ulongué, ina 33 ina 34.

8. Kufufuza chovala

Chitembenuzeni, kunja kulowe mkati. Onani m'khwapa, pakolala, pakati pa miyendo ya buluku ndi m'matumba. Chikwezeni kudzuwa, tizibowo ta njenjete timaonekera pomwepo, makamaka pa majuzi. Zipi ikwere ndi kutsika katatu. Lasitiki mukokeni: ikalira ngati masamba ouma, inafa kale. Batani losowa si vuto, telala aliyense aika. Banga la mafuta kapena la inki musadzinamize kuti lichoka.

Poyesera palibe, ndiye chitenje chija chimagwira ntchito yotchinga ngati mtsikana afuna kuyesa siketi. Buluku yesani ndi chingwe chanu, kapena njira yakale ija yozunguliza chiuno cha buluku pakhosi pa mwana: nsonga zikakumana bwino kumbuyo, nthawi zambiri limakwana. Jekete gulani yokulirapo, ya zaka ziwiri. Nsapato ayi, yokula kwambiri imamugwetsa ndipo imatha asanaikwane.

Zovala zamkati ndi masokosi, gulani zatsopano.

Dzuwa likakula kapena mvula ikayamba, masitolo a DAPP, abale ake a ADPP ya kwathu, ndi pothawira pabwino. Zovala zili pa mahang'ala, mitengo ndi yoikika, palibe kunenerera, ndipo mwana amapumako phokoso.

9. Kunenerera mtengo

Chilankhulo n'chimodzi, koma pakamwa pamatigulitsa. Mukangoti "cinco mil" kapena "obrigada", wogulitsa wadziwa kuti mwachokera kutali ndipo simubwera mawa. Ku Lilongwe mitengo amaitchula m'Chingerezi. Ngati manambala a Chingerezi amakuvutani, lembani pafoni mumuonetse, iyenso alembe wake. Palibe chamanyazi.

Moni kaye: "Muli bwanji achimwene, geni ikuyenda?" Akatchula mtengo, musadabwe mokweza ndipo musanyoze katundu. Tinene kuti wati K12,000. Inu nenani modekha kuti "Achimwene, mwanayu ndi wanu yemwe, ndili ndi 7." Mukumana penapake pakati. Mukatenga zinthu zitatu pa benchi imodzi, nenererani zonse pamodzi, mtengo umatsika bwino kuposa chimodzichimodzi. Akakana, thokozani muziyenda. Akakuitanani, ndiye kuti mpata unalipo.

Mwana mumuuziretu kuti akakonda chinthu akutsineni padzanja, asalankhule. Wanga ataona chikwama chofiira chija anakuwa kuti "Amayi, ndi chimenechi!" n'kuchikumbatira. Mnyamata wogulitsayo anangomwetulira, ndipo sanatsitse ngakhale K100.

Musatulutse mpukutu wonse polipira, ndipo chimene mwagula chiikeni nokha m'chikwama. Chikapita kuseri kwa benchi kuti akakukulungireni, chitsegulenso musanachoke.

10. Maola awiri akwana, tulukani mumsika

Zimene simunapeze pofika pamenepo zisiyeni. Pezani malo okhala pansi, mwana adye chakudya chotentha chophikidwa mukuona, nsima kapena chipisi cha pachiwaya. Madzi akhale a m'botolo lotseka, ndipo musambe m'manja ndi sopo. Kolera imene inavuta ku Malawi mu 2022 ndi 2023 inafikanso kwathu kuno, ndipo nyengo yake ndi yomweyi ya mvula.

Masana ndi a mwana. Pakati pa Old Town ndi City Centre pali Lilongwe Wildlife Centre, nkhalango ya mkati mwa mzinda yokhala ndi tinjira toyendamo pansi pa mitengo. Polowa n'polipira. Musamulonjeze mikango, muuzeni za mthunzi, mbalame ndi anyani. Ku City Centre kuli nyumba ya malamulo ndi chiliza cha Kamuzu Banda, mtsogoleri woyamba wa Malawi amene anamwalira mu 1997, ndipo mwana wa sukulu amakhala ndi chokafotokozera anzake. Sankhani malo amodzi okha. Ngati mukubwerera tsiku lomwelo, ayisikilimu ndi kuyenda pang'ono m'masitolo a ku Old Town n'zokwanira, 2 koloko ikupezeni muli m'minibasi ya ku Dedza.

11. Pobwerera

Dinditsaninso mbali zonse ziwiri. A alfândega, oona za msonkho wa katundu, akafuna kuona m'chikwama, tsegulani. Zovala zosiyanasiyana za pabanja zimaoneka kuti n'za pabanja. Belo lathunthu kapena nsapato mapeya 20 ndi malonda, ndipo zimenezo zili ndi msonkho wake. Mukalipira kanthu, funsani lisiti. Makwacha otsala ndi bwino kuwagwiritsa ntchito kapena kuwasintha musanawoloke, kusiyana n'kuwasunga m'nyumba akutha mphamvu.

12. Kunyumba

Chilichonse chichapidwe chisanavalidwe, ngakhale mwana alire chotani. Nyikani m'madzi a sopo, zoyera pazokha chifukwa majinzi amasuluka, yanikani padzuwa, sitani. Majuzi aubweya asaone madzi otentha, amafota. Nsapato pukutani mkati ndi kansalu ka sopo, ziume tsiku lonse.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kudalira cédula yokha, kapena kalata yopanda chidindo cha notário. Ndanena kale, koma ndi pamene ambiri amagwera.

Kubwereka ku ndalama zobwererera chifukwa "jekete iyi sindidzaipezanso". Mudzaipeza. Chimene simudzapeza ndi kondakitala womvera chisoni pa depoti madzulo.

Kulandira maoda a mudzi wonse. Anansi akamva kuti mukupita, aliyense amabwera ndi kachingwe kake ndi mametikali ake. Mukavomera onse, tsiku lithera pa ana a eni, chikwama chifanana ndi cha wamalonda pa alfândega, ndipo chimene sichikwana mlandu wake ndi wanu. Awiri okha, ndipo muwauziretu kuti kaunjika sabweza.

Kugula chifukwa chatchipa. Madiresi atatu a pa mulu wotsika mtengo amene savalidwa ndi okwera kuposa limodzi labwino.

Kumusiya mwana pa benchi ya munthu kuti "ndikubwera pompano". Mabenchi a ku Tsoka amafanana, ndipo mukakhota kawiri simudziwanso kumene munachokera.

Kumuveka nsapato zatsopano pobwerera. Zimamutupitsa matuza asanafike pa Linthipe, ndipo zakale zija zimaiwalika pansi pa mpando wa minibasi.